Masokosi Asanu ndi Ndowe za Ng'ombe

Tandipatsani ndione bwino, ana inu. Ndiye mukuti masokosi amenewa ali ndi batire, ndipo amatchajidwa ngati foni? Iwe Tadala usandinamize, agogo ako ndakalamba koma mutu ukugwirabe ntchito. Ndidine pati? Apa? Ndadina. Dikirani. Eya, ayambadi kufunda, kuyambira ku chidendene. Ndisiyeni ndiseke, musandiyang'ane ngati ndapenga. Ndikuseka chifukwa mphatso yanuyi yachedwa ndi zaka zambiri, ndipo ndi bwino kuti inachedwa. Ikanakhalapo nthawi imene ija, mwina bwenzi inu mukungondionera pa foni tsiku la Khirisimasi, ndili ku Dedza, ndikufunsa kuti wamkulu ndi uti pakati panu.

Yankho, zimitsa wailesi yakanemayo ukhale pansi. Ndikudziwa kuti ukumva Chichewa chonse, umangoyankha m'Chizungu kuti utiyese mtima. Lero ungomvera, suyankha kanthu.

Anzanu a kusukulu amaganiza kuti ku Africa konse ndi ng'anjo ya njerwa. Muziwauza kuti agogo athu ndi a ku Dedza. Kwathu kuja mwezi wa Juni ndi Julaye, ukadzuka m'mamawa umapeza udzu wa kudambo uli mbuu, nkhungu itaphimba phiri lonse, agalu atadzipinda paphulusa osafuna ngakhale kuuwa. Ndipo tinalibe hita, tinalibe jekete, nsapato zoyamba ndinavala nditamera kale ndevu ziwiri zitatu. Mapazi anga anali ndi zikang'a zakuti njere ya chimanga imatha kubisalamo. Agogo anu aakazi akumva kukhitchiniko, akhoza kuchitira umboni, anandikonda ndili ndi mapazi omwewo.

Nyengo yozizira yomweyo ndiyo inali ya uzimba. Uzimba ndi kusaka kwa mudzi wonse, osati kwa munthu mmodzi ndi mfuti yake. Mwini wake anali atsibweni anga a Lufeyo, alongo awo a amayi anga, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Akaliza nyanga yawo kusanache, aliyense amatuluka ndi chake, wina chibonga, wina uta, wina nthungo, wina ukonde. Akuluakulu amatsogola kukatchera maukonde kumapeto kwa tchire. Ife anyamata timayenda pamzera, kumenya udzu ndi ndodo, kukuwa kuti insa ndi agwape avumbuluke athamangire komwe kuli akuluakulu. Ntchito yathu inali imeneyo basi, kupanga phokoso. Iwe Yankho ukanakhala katswiri.

Koma mame a nthawi imeneyo amaluma, ana inu. Manja timawapulumutsa ndi mbatata ya kachewere yootcha, iwiri m'thumba la kabudula, ukatopa nayo umadya. Mapazi ndiwo anali nkhani. Ndiye tisananyamuke timadzera ku khola. Ng'ombe ikadzuka m'mamawa, imadzinyolola, kenako imakweza mchira. Mukudziwa chimene chimatsatira. Ife timakhala titaima kale chapafupi, maso ali pa michira, ndipo zikangogwa pansi timalimbirana kuponda.

Ukuti chiyani Tadala? Wakwinya nkhope bwanji? Sunapondepo, ndiye sungaweruze. Ndowe zongogwa kumene zimafunda mofatsa, zimalowa pakati pa zala, zimakwera mpaka mu akakolo, ndipo umamva moyo ukubwerera m'miyendo pang'onopang'ono. Ine ndinamenyanapo ndi msuweni wanga chifukwa cha ndowe za ng'ombe yaikulu yakuda ya atsibweni, ndipo ndinapambana. Atsibweni amaima pachipata cha khola n'kumatiwerenga ngati tonse taponda. Ankati, "Mlenje amayamba kufa kumapazi. Phazi likamapweteka, thokoza. Likasiya kupweteka, usakondwe, thamangira ku khola." Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogolo.

Tsopano tidumphe zaka zambiri, ndevu zadzaza, ndakwatira, amayi anu Chikondi abadwa. Ine ndinkagwira ntchito ya zankhalango, tsiku lonse ndili m'mitengo ya paini, ndikudziwa njira iliyonse ya nyama. Agogo anu aakazi anali nesi. Ndiwo anayamba kubwera kuno ku London, kuchipatala cha ku Woolwich kuja, ife tinawatsatira pambuyo. Ndinatsika ndege ndikuyenda ngati bwana, ndikuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Sindinadziwe kuti dziwe lina limakhala pansanjika yachisanu ndi chinayi.

Tinkakhala mu fulati yakale ija ya kuno ku Thamesmead, imene ndimakulozerani tikamadutsa pa basi. Mphepo yochokera kumtsinje imalira m'mawindo usana wonse. Ntchito ndinapeza yochapa zofunda kunyumba yosamalira okalamba, m'chipinda chopanda windo. Ndimakwera basi kukadali mdima, ndimabwerera kutada kale, dzuwa ndimangomva kuti linatuluka. Kutchalitchi ankanditcha amuna awo a nesi. Dzina langa ndine Lakisoni, koma palibe amene ankalifuna. Ndinayamba kusiya kulankhula, ine amene mukundionayu, amene amayi anu amati ndikayamba nkhani mpunga umapserera. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo ndinkachita manyazi kunena.

Nyengo yozizira yachiwiri itafika, ndinatenga sutikesi yabuluu, ndinaikamo malaya anayi, mathalauza atatu ndi Baibulo langa, ndinaikankhira pansi pa bedi kukhoma kwenikweni. Ndinati chaka chikangotha ndiwauza agogo anu kuti ine ndalephera, ndikubwerera kumudzi, iwo ndi mwana atsale. Sindinauze munthu.

Anzanga okha anali mahatchi aja amamangidwa paudzu kuseri kwa mafulati. Loweruka ndinkapita kukaima pafupi nawo, kungomva fungo la chiweto. Tsiku lina nditawerama pamatope ndikuyang'ana mapazi a nyama, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo. Anali Dereki, mzungu wa pansanjika yachitatu, amene anayendetsa basi mpaka kupuma ntchito. Anali ndi galu wa makutu ogwa, ndipo chaka chonse tinkangogwedezerana mitu mu lifiti.

"Wataya kiyi?" anandifunsa.

Ndinati, "Ayi. Padutsa nkhandwe apa m'mamawa. Ikutsimphina mwendo wakumbuyo wakumanzere."

Dereki anadabwa. Nkhandwe imeneyo ankaidziwa, imabwera kudzang'amba matumba a zinyalala kuseri kwa galaja yake, ndipo imatsimphinadi. Tinacheza ola lathunthu titaima pamphepo. Pomaliza anati, "Lakisoni, Loweruka likubwerali kuli kusaka mbalame pafamu ina kupitirira Bromley, kumene London imathera. Tikusowa anthu omenya tchire. Ungabwere?"

Omenya tchire, ana inu. Munthu akundiitanira ku uzimba, pakati pa London. Koma m'lifiti ndikukwera ndinadziuza kuti awa ndi mayeso omaliza. Misewu ya kuno yandikana, ntchito yandikana, tchire la kuno likandikananso ndiye kuti sutikesi ija yanena zoona.

Dereki anandifunsa ngati ndili ndi jombo zabwino ndi masokosi oyenera. Ndinayankha mwamatama kuti ine ndine wa ku Dedza, kuzizira ndi kwathu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phula lambiri. Ndinapita pamsika wa ku Woolwich, ndinagula jombo zamphira zobiriwira, zondikwana ndendende ngati nsapato za ukwati. Za masokosi ndinaganiza ndekha monga munthu wophunzira. Ndinati bulangete limodzi limafunda, mabulangete asanu amafunda kasanu. Kodi pamenepa pali cholakwika? Ngakhale iwe Tadala wa masamu ukanavomereza.

Loweruka m'mamawa agogo anu anali atapita kale ku shifiti, apo ayi akanandiletsa. Ndinakhala pabedi n'kuyamba ntchito. Pansi penipeni ndinavala masokosi awo a kuntchito, aatali othina aja amavala manesi kuti miyendo isatupe. Pamwamba pake oyera a thonje. Pamwamba pake ena oyera a thonje. Kenako akuda a kutchalitchi. Pomaliza a amayi anu a mpira wamanja, a mizere yofiira ndi yachikasu, ofika m'mawondo. Kuti madzi asalowe ndinakutira phazi lililonse ndi pepala lapulasitiki la buledi. Nditayang'ana pansi ndinaona maungu awiri.

Tsopano kuti maunguwo alowe mu jombo. Ndinakoka, ndinapempha, ndinapaka sopo m'mphepete. Pomaliza ndinagwira chitseko n'kuyamba kudumpha, mpaka mayi wa pansi pathu anagogoda denga lake ndi mtengo wa tsache. Phazi lakumanja linalowa ndi phokoso, lakumanzere linatsatira. Zala sizikanatha kugwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo ine ndinasangalala, ndinati mphepo ilibe polowera.

M'galimoto ya Dereki munali hita yopemerera kumapazi kwenikweni. Ulendo wonse, kudutsa m'tauni mpaka nyumba zinayamba kutalikirana, ine ndinali nditatambalala, galu atatsamira pamwendo panga, mapazi akutuluka thukuta mkati mwa mapepala a buledi. Ndinafika poyimba nyimbo. Pakadafunda padajiwitsa galu, ana inu. Pamene timatsika, masokosi onse asanu anali atanyowa ngati ndawachotsa mu beseni, koma ine sindinadziwe.

Famu imene ija sindidzaiiwala. Minda yoyera ndi chisanu, mipanda ya zitsamba, nkhalango yaing'ono pamtunda, utsi ukutuluka m'kamwa mwa aliyense. Ndinapuma mpweya wonunkhira masamba onyowa, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni kuno msana wanga unawongoka. Anatipatsa ndodo, anatiika pamzera, munthu apa, munthu apo, chimodzimodzi kwathu. A mfuti anali atatsogola kukaima kumunsi, monga akuluakulu a maukonde. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti atsibweni ali kuti.

Mbalame zake amazitcha mafezanti. Ndi nkhwali zachizungu, zazikulu, za mchira wautali, zazimuna zovala ngati zikupita ku chinkhoswe. Chimene chinandiseketsa n'chakuti amaziweta okha, amazidyetsa tirigu miyezi ingapo, kenako amazitaya m'tchire n'kuyamba kuzifunafuna. Ndinamufunsa Dereki kuti bwanji osangozigwira zili m'khola. Anati ndisafunsenso zimenezo pafupi ndi a mfuti. Lipenga litalira ndinatsegula pakamwa n'kukuwa mfuu ya kwathu, ija imamveka tsidya la dambo. Agalu onse anakhala pansi. Dereki anathamanga kudzandinong'oneza kuti kuno samakuwa, amangogogoda mitengo pang'onopang'ono. Uzimba wa manong'onong'o, ana inu. Ndinaphunzira msanga, ndipo ndinavumbulutsa mbalame zitatu zimene agalu anazidutsa. Wamkulu wa omenya tchire anandikwezera chala chachikulu.

Chala chimenecho ndicho chinandipweteketsa. Poona kuti ndine wodalirika, ulendo wachiwiri tsiku lomwelo anandipatsa udindo. Anandiimika ndekha pangodya ya nkhalango kuti mbalame zisathawire kumeneko. Anati ndisachoke, ndisayendeyende, ndizingogogoda mtengo mpaka lipenga lilire. Ndinaima pachisanu ngati msilikali. Thukuta lija linayamba kuzizira. Jombo zothina zija zinali zitatseka kale njira ya magazi. Mapazi anayamba kuluma, kenako kubaya, kenako kupweteka kwakuti ndinayamba kutchula mayina a abale anga amene anamwalira. Ndinapirira, ndinati wa ku Dedza sadandaula pamaso pa alendo.

Patapita nthawi ululu unatha wonse. Ndinamwetulira, ndinati masokosi asanu ayamba kugwira ntchito. Ndikumwetulira choncho ndinamva mawu a atsibweni m'khutu, omveka ngati aima kumbuyo kwanga. Likasiya kupweteka, usakondwe.

Lipenga linalira. Ndinati ndiyende, thupi linapita, miyendo inatsala. Ndinagwa chafufumimba m'masamba. Kuyambira m'mawondo kutsika kunalibe munthu. Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana ndodo yanga, ndipo sindinaope za mapazi poyamba. Ndinamva chisoni. Ndinati basi, tchire nalo landikana, ndikafika kunyumba ndikatulutse sutikesi.

Dereki anandipeza, anandikoleka paphewa, anandikokera kubwalo la famu kumene onse anasonkhana kumwa supu yotentha. Panali anthu oposa makumi awiri, ena ovala zipewa za mtengo wapatali. Anandikhazika pamtolo wa udzu. Wina anati aitane ambulansi, wina anati andimwetse kachasu wachizungu, wina anati andiike pafupi ndi injini ya thirakitala. Ine sindinkamva bwino, chifukwa maso anga anali atapeza kale chinthu china. Pambali pa bwalolo panali khola lotseguka kutsogolo. Ng'ombe yaikulu yofiira inali itangodzuka. Inadzinyolola. Inakweza mchira.

Ana inu, nkhondo imene ndinamenya mumtima nthawi imeneyo inali yaikulu. Mbali ina inkati Lakisoni, ndiwe munthu wakuda yekha pabwalo lino, akaona zimenezi adzasimba mpaka kwa adzukulu awo. Mbali ina inkangoyang'ana nthunzi imene inkakwera kuchokera pansi. Kenako ndinaganiza kuti ndikupita kale kwathu, manyazi a kuno ndiwasungira chiyani. Kuli bwino ndikafike ku Dedza ndi zala zonse khumi.

Ndinati, "Dereki, ndivule jombo."

Anagwira yakumanja, anakoka, inakana. Anaponda pamtolo n'kukokanso, mnzake anamugwira m'chiuno, wachitatu anagwira wachiwiriyo. Jombo inatuluka mwadzidzidzi, atatu onse anakhala pansi. Ndiye kunayamba kusenda. Pepala la buledi linatuluka, dzina la buledi likuwerengeka bwinobwino. Sokosi la mizere linatuluka, anthu anati limodzi. Lakuda la kutchalitchi, anati awiri. Pofika lachinayi bwalo lonse linkawerenga pamodzi ngati ana a sukulu ya mkaka. Litatuluka la agogo anu, lalitali losatha, Dereki analikweza m'mwamba, ndipo bambo wina wa chipewa anaseka mpaka supu inamutuluka m'mphuno. Kenako anaona mapazi anga, otuwa, olimba, zala zitakwinyika, ndipo kuseka kunatha.

Ndinaimirira nditagwira ndodo, ndinadzikoka mpaka m'khola, ndinapempha ng'ombe ija kuti isunthe, ndinaponda ndi mapazi onse awiri.

Ngakhale agalu anasiya kupuma. Poyamba sindinamve kanthu, ndipo ndinachita mantha enieni. Kenako chala chachikulu chakumanja chinayamba kunyerenyetsa. Kenako moto. Magazi akamabwerera samapempha chilolezo, amabwera ndi singano chikwi. Ndinaluma mano, misozi inatsika, koma ndinkaseka, chifukwa phazi likamapweteka umathokoza. Ndinaima pamenepo, thalauza nditapinda, ndikulira ndi kuseka, azungu makumi awiri atagwira makapu a supu osamwa.

Ndiye ndinamva ndodo ikugogoda pasimenti. Anali Mayi Morini, eni ake a famuyo, agogo aafupi owerama, okalamba kuposa mmene ndililimu, ovala chikhoti chomangidwa ndi chingwe m'chiuno. Anthu anawapatsa njira. Ndinati basi, abwera kudzandithamangitsa, ndawanyozetsa pamaso pa alendo awo. Anafika pafupi, anayang'ana mapazi anga, anayang'ana nkhope yanga.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi?" anafunsa.

"Atsibweni anga, mayi. Pepani kwambiri."

"Mukupepesa chiyani? Ine anandiphunzitsa ndi bambo anga, m'khola lomweli. Tili ana tinkatenga ng'ombe kubusa kusanache, nsapato zathu zili zobooka. Ine ndi mlongo wanga tinkamenyanirana za ng'ombe ina yaikulu." Anatembenuka n'kuloza gulu lonse lija ndi ndodo. "Awa sadziwa kanthu, anabadwira pa kapeti. Tasunthani pang'ono."

Ndinaganiza kuti Chizungu chandisokoneza. Koma anandipatsira ndodo yawo, anagwira phewa langa, anavula jombo imodzi ndi sokosi lake, n'kuponda pambali pa phazi langa. Mwana wawo, bambo wa imvi kale, anati, "Amayi, chonde." Iwo sanamuyang'ane n'komwe. Anatseka maso n'kunena kuti, "Zaka zonsezi, ndipo sizinasinthe."

Ana inu, ndinalira kachiwiri, koma osati chifukwa cha singano zija. Zaka ziwiri ndinkaganiza kuti anthu a dziko lino anagwa kumwamba atavala kale nsapato. Sindinadziwe kuti nawonso ali ndi amene anakulira kukhola, amene anadikirapo mchira wa ng'ombe m'mamawa. Tinaima awiri m'ndowe zimodzi, agogo a kuseri kwa Bromley ndi ine mwana wa mlongo wa a Lufeyo, tikufunsana kuti ng'ombe za kwanu zimadya chiyani. Anandifunsa dzina, ndinawauza, ndipo analitchula kawiri kuti asaliiwale.

Pambuyo pake ananditengera kukhitchini kwawo, anandipatsa madzi ofunda, osati otentha, ndinatsuka. Anatulutsa masokosi a malemu amuna awo, a ubweya wa nkhosa, limodzi phazi lililonse, ndi jombo zazikulu kuposa zanga, anayalamo udzu wouma pang'ono. Anati phazi silifuna mulu wa nsalu, limafuna kuuma ndi malo, zala zizitha kuvina mkatimo. Anatinso m'galimoto ndizivala nsapato zina, jombo ndizivalira pofika. Masana onse ndinamenya tchire zala zikuvina, ndipo pomaliza anandipatsa mafezanti awiri omangidwa m'khosi. Wamkulu uja anati Loweruka lotsatira ndisalephere.

Tinafika ku Thamesmead cha m'ma folo, kutayamba kale kuda monga kumachitira miyezi imeneyo. Mu lifiti munali anthu atatu, ndipo onse anatsika pansanjika yachiwiri ngakhale sankakhala pamenepo. Thalauza langa linali litasunga umboni. Nditatsegula chitseko ndinapeza agogo anu abwera ku shifiti, akadali mu yunifolomu. Anakweza mphuno.

"Bambo a Chikondi, fungo ili ndikulidziwa."

"Ndi mbalamezi," ndinatero.

"Mbalame sizinunkha khola. Khalani pansi."

Anabweretsa beseni, anagwada, anandivula masokosi a eni ake aja. Ndinawafotokozera zonse, ndipo nditafika pa masokosi awo a kuntchito anakhala pansi ndi kuseka, kenako anandikalipira ngati wodwala wosamva. Anati munthu wokwatira nesi n'kumavala pepala la buledi. Anagwira chala chilichonse, kuchitsina, kufunsa ngati ndikumva, kudikira kuti magazi abwerere. Anawerenga mokweza mpaka khumi. Atatha sanadzuke. Anapitiriza kutsuka mapazi amene anali oyera kale, mutu uli pansi.

"Sutikesi yabuluu ija," anatero, "ndimaigunda ndi tsache Lachiwiri lililonse. Iyi ndi miyezi itatu."

Ine ndinkati ndabisa.

"Malaya anu oyera ndinawatulutsa kawiri, kuwasita, kuwabwezeramo, kuti mukafike kwanu mukuoneka munthu. Ndiye ndiuzeni, titani nayo?"

Ndinati, "Akundifunanso Loweruka likubwerali."

"Sindinafunse za Loweruka."

Ndinayang'ana pamutu pawo. Panali imvi zimene sindinazionepo, chifukwa miyezi yonseyo ndinkangoyang'ana chisoni changa. Ndinati, "Mayi a Chikondi, bwezerani zovalazo mu kabati." Ndinangoona madontho akugwera mu beseni, ndipo madziwo anafika pozizira iwo akadagwirabe chidendene changa.

Ndinamenya tchire pafamu imene ija nyengo zambiri, mpaka mawondo anakana. Mayi Morini atamwalira, ine ndi Dereki tinapita kumaliro, ndipo mwana wawo uja anandipatsa ndodo yawo, ndi ija ili kuseri kwa chitseko, imene Yankho amayesa lupanga. Sutikesi nayo mukuidziwa, ndi ija mumasungiramo zidole zanu mukabwera kuno. Siinakwerenso ndege.

Tsiku limene iwe Tadala unabadwa ku Lewisham, anthu onse anathamangira kuona nkhope, kukangana kuti wafanana ndi ndani. Ine ndinapita kumunsi kwa kabedi, ndinatukula kansalu. Ndinawerenga zala, zinali khumi. Kaphazi kako kanali kozizira, ndiye ndinakafumbata m'dzanja langa, ndipo sindinakasiye mpaka kanafunda. Ndinaganiza za sutikesi ija, ndinathokoza ng'ombe yofiira.

Tsopano bwera kuno ndi maso ako abwinowo, undipezere podina pozimitsira. Agogo ako akupsa.